Za Kalembedwe ka Funso Lokopa Anthu

Madzulo, ntchito zonse zitatha, ana a m'mudzi akhala pamoto naponyerana ndagi. Mmodzi ati, "Ndagi!" ndipo anzake avomera, "Gize!" Pomwepo iye anena kuti, "Nyumba yopanda khomo." Mawuwo ndi 3 okha, koma aliyense aleka zimene analikuchita nayamba kulingalira, kufikira wina atulukira kuti ndi dzira.

Olemba mabuku ndi manyuzipepala ali nayo nzeru yofanana ndi imeneyi. Pofuna kuti munthu awerenge nkhani yaitali, iwo aika patsogolo pake funso lalifupi lodabwitsa. Munthu wopyola akaliona aima, nafuna kudziwa yankho lake, ndipo motero awerenga nkhani yonse. Funso lotere lili ngati nyambo pa mbedza. Kulipanga kuoneka kwapafupi, koma kuli ndi malamulo ake. Ndipo malamulowo aoneka bwino pa chitsanzo cha sukulu ina yakale ya kutsidya kwa nyanja.

Sukuluyo dzina lake ndi Eton. Ili m'dziko la England, kumadzulo kwa mzinda wa London, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Patsidya pa mtsinjewo pali nyumba yaikulu ya mafumu ya ku Windsor. Anaiyamba ndi Mfumu Henry VI m'chaka cha 1440. Henry analowa ufumu m'chaka cha 1422 ali khanda losakwana chaka, ndipo poyamba sukuluyi anali ndi zaka 18 zokha. Cholinga chake chinali chakuti anyamata osauka aziphunzira ulere, ndipo posapita nthawi chiwerengero chawo chinakhazikika pa 70. M'chaka cha 1441 anayambanso King's College ku Cambridge, kuti anyamatawo akatsiriza ku Eton azikapitiriza maphunziro kumeneko.

Koma Henry sanakhale pa mtendere. M'chaka cha 1461 Edward IV anamlanda ufumu, nachotsera sukuluyo minda ndi chuma chambiri, kotero kuti nyumba yopemphereramo sinamangidwe yaitali monga Henry anafunira. Ngakhale zinatero sukulu sinafe. Ana a anthu achuma anayamba kudza kudzaphunzira pamodzi ndi aja 70, akulipira ndalama, nachuluka chaka ndi chaka. Lero muli anyamata pafupifupi 1,300, a zaka 13 kufikira 18, ndipo onse agona konko. Sukuluyi si ya boma. Ili ndi akuluakulu ake oiyang'anira, niyenda ndi chuma chake ndi ndalama za makolo. M'chaka cha 2025 malipiro a mwana mmodzi anaposa mapaundi 60,000 pa chaka. Amuna 20 ophunzira kumeneko anadzakhala nduna zazikulu za dziko la Britain, kuyambira Robert Walpole, amene anayamba kutsogolera boma mu 1721, kufikira Boris Johnson, amene anatula pansi udindo mu 2022. Ku Malawi dzinali si lachilendo, pakuti sukulu ya Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa ku Mtunthama m'boma la Kasungu m'chaka cha 1981, anthu ambiri anaitcha Eton ya mu Africa.

Tsono mwana wa sukulu akapatsidwa ntchito yolemba funso lalifupi la sukulu imeneyi, ayambire pati?

Lamulo loyamba ndi ili: asankhe chinthu chimodzi. Mbiri ya zaka zoposa 580 ili ndi zinthu zambiri zokoma, ndipo mtima ufuna kuzitola zonse: mfumu, mtsinje, nkhondo, ndalama, nduna. Koma akulu anati, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Funso losenza katundu wambiri silithamanga. Wolemba ayale zonse zimene adziwa, monga mayi ayala mbewu pa lichero, nasankhepo chimodzi chimene munthu wakumva adzati, "Kodi n'zoona?" Zinthu zodabwitsa koposa ndi zija zooneka ngati zitsutsana. Sukulu yokhala pafupi ndi mtsinje siidabwitsa munthu, pakuti zotere n'zambiri. Koma sukulu yomangidwira amphawi imene inasanduka ya anthu achuma, imeneyo iimitsa munthu pa njira.

Lamulo lachiwiri: abise dzina, koma asiye mapazi. Wina akhoza kulemba kuti, "Sukulu ya Eton, imene ili pafupi ndi Windsor, inayambidwa ndi Mfumu Henry VI m'chaka cha 1440." Mawuwa ndi oona, koma sakopa munthu, chifukwa apereka nsima yonse munthu asanamve njala. Wina akhoza kulakwira mbali inayo nalemba kuti, "Kodi mudziwa sukulu ina yakale ya ku Ulaya?" Funsoli nalonso n'lopanda pake, pakuti sukulu zakale ku Ulaya zilipo zambirimbiri, ndipo palibe chimene chilozera imodzi. Mlenje salondola nyama pa thanthwe pamene palibe mapazi. Funso labwino lili ndi yankho limodzi lokha, ndipo lipatsa wowerenga zizindikiro zokwanira kuti ayese nzeru zake.

Lamulo lachitatu: achepetse mawu. Poyamba wolemba akhoza kukhala ndi chiganizo chotere: "Kodi mungathe kutchula dzina la sukulu yotchuka kwambiri imene kalekale mfumu ina yachinyamata, yokhala ndi zaka 18 zokha, inamanga chifukwa chofuna kuthandiza ana a anthu osauka?" Tsono atenge mpeni nasadze nthambi. Mawu akuti "kodi mungathe kutchula" sawonjezera kanthu. "Yotchuka kwambiri" ndi mawu ongotamanda. "Yachinyamata" achoke, pakuti zaka 18 zanena kale. Zotsala azilumikize ndi mbali yotsutsana nazo, motere:

"Mfumu ya zaka 18 inaimangira amphawi, lero ambiri ophunziramo ndi ana a achuma. Ndi sukulu yanji?"

Wolemba aliwerenge mokweza mawu. Ngati mpweya umthera asanafike ku mapeto, funsolo likadali lalitali. Aonenso kuti chodabwitsa chikhale ku mapeto, monga wosimba nthano saulula msanga kumene Kalulu wabisala.

Lamulo lachinayi liposa onsewo: anene zoona. Apa ndi pamene olemba ambiri agwa, pakuti bodza likoma msanga m'khutu koposa choonadi. M'funso lija muli mawu akuti "ambiri." Wolemba akadati "onse," funso likadamveka lamphamvu, koma likadakhala lonama, pakuti ku Eton alipo anyamata amene sukulu iwachepetsera malipiro, ndi ena amene salipira konse. Liwu limodzi laling'ono ndilo lilekanitsa mboni yokhulupirika ndi wamabodza.

Chitsanzo china ndi cha zovala. Anyamata a ku Eton avala jekete lakuda, lalitali kumbuyo ngati mchira wa namzeze. Anthu asimba kuti avala zakuda polira maliro a Mfumu George III, amene anakonda sukuluyo namwalira m'chaka cha 1820. Nkhaniyi ikadapanga funso lokoma ndithu: sukulu imene ikulira maliro zaka 200! Koma ilibe umboni, pakuti zovala za mtundu umenewo zinakhazikika patapita zaka zambiri mfumuyo itamwalira. Wolemba wanzeru aisiya, ngakhale mtima umuwawe. Kapena akailemba, anene poyera kuti ndi nthano chabe.

Palinso masewera a mpira amene anyamatawo achita m'mbali mwa khoma la njerwa lomangidwa mu 1717. Bwalo lake ndi lalitali mamita 110, koma m'lifupi mwake mamita 5 okha. Osewera aunjikana pakhomapo nakankhana m'matope, ndipo kugoletsa n'kovuta kwambiri. Pa masewera aakulu a pachaka, a kumapeto kwa mwezi wa November, chigoli chinalowa m'chaka cha 1909, ndipo pambuyo pake panapita zaka zoposa 100 popanda china. Wolemba wofulumira adzati, "Masewera opanda chigoli kwa zaka 100." Koma mawuwo apitirira choonadi, chifukwa masewerawa achitikanso masiku ena, ndipo pa masiku enawo zigoli zinalowapo. Ayenera kunena kuti ndi masewera aakulu a pachaka. Kufupikitsa mawu n'kwabwino, koma osadula mawu amene agwiriziza choonadi, monga womanga nyumba sachotsa mzati pofuna kukuza chipinda.

Chifukwa ninji lamuloli lili lolimba chotere? Chifukwa funso lalifupi likhalitsa m'mutu koposa nkhani yaitali. Anthu ambiri awerenga funso ndi yankho lake, osawerenga zina zonse. Ndipo chimene awerengacho akachinena kwa anzawo, anzawonso kwa ena. Bodza lokulungidwa m'mawu okoma liyenda midzi yambiri, ndipo mwini wake sangathe kulibweza. Tsiku lina wodziwa akalitulukira, anthu saiwala amene analilemba; ngakhale adzanene zoona mawa, iwo adzapukusa mitu. Chifukwa chake wolemba asanalembe chaka kapena chiwerengero, ayang'ane m'mabuku awiri kapena atatu, nafunse odziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamulo lachisanu: apereke yankho, ndipo yankholo likhutitse. Woponya ndagi akakana kumasulira, anzake akwiya naleka kusewera naye. Taonani funso ili: "Ndi kuti kumene matheka 3 apanga chaka chimodzi?" Mwana wodziwa masamu adzati n'kosatheka, pakuti matheka 2 ndiwo apanga chinthu chathunthu. Yankho ndi Eton. Koma kutchula dzina lokha sikukwana. Wolemba afotokoze kuti kale chaka cha sukulu kumeneko chinali ndi zigawo 2, ndipo chigawo chilichonse chinatchedwa theka. Pambuyo pake zigawo zinakhala 3, koma dzina lakale silinasinthe. Pamenepo wowerenga aseka, napita ndi nzeru imene analibe. Nyambo ya msodzi inyenga nsomba kuti ife. Koma nyambo ya wolemba wabwino iitanira munthu ku chakudya chenicheni.

Nzeru imeneyi si ya sukulu za kutali zokha. Sukulu ya m'mudzi nayonso ili ndi mbiri yake: mtengo umene ana oyamba anaphunzira pansi pake, chitsulo chimene chinali belu, mtsinje umene ana anawoloka dzinja asanamange mlatho. Agogo adziwa zimenezi, ndipo akondwa kuzisimba kwa mwana wofunsa mwaulemu. Mwana amene aphunzira kusankha chinthu chimodzi, kuchinena mwachidule, ndi kusawonjezapo bodza, adzakhoza kulemba kalata yomveka ndi kulankhula pabwalo anthu namvera.

MAFUNSO

1. Anayamba sukulu ya Eton ndani, m'chaka chanji, ndipo anaiyambira yani?
2. Chifukwa ninji liwu lakuti "onse" likadaipitsa funso lija?
3. Nkhani ya zovala zakuda ili ndi chilema chanji?
4. Tchulani malamulo 5 a funso lokopa anthu.
5. Funsani munthu wamkulu za chiyambi cha sukulu yanu, ndipo mulembe funso losapitirira mawu 20, pamodzi ndi yankho lake.