KODI VOTI AMAPONYA BWANJI?

Mwezi wathawu tinali ndi msonkhano pa Mbungo, ndipo pamene tinkafotokoza za chisankho mayi wina wachikulire anaimirira nafunsa funso limene linaseketsa anthu. Iye anati chiyambire kupita ku chisankho sanaponyepo kanthu, amangochonga pa pepala ndi kulipinda; nanga timati "kuponya voti" chifukwa ninji? Anthu anaseka, koma funsoli linali lanzeru, ndipo aphunzitsi amene analipo anatipempha kuti tilembe nkhani yake muno kuti akawerengere ana ndi makolo omwe.

Mayiyo adziwe kuti lilipo dziko kumene voti amaponyadi. Dzikolo ndi Gambia, kuzambwe kwa Afirika. Kumeneko, kuyambira m'chaka cha 1965, munthu wosankha amapatsidwa kamwala kagalasi konga aja amasewera nawo ana. Iye amalowa yekha mobisika, ndipo m'menemo amapeza migolo yachitsulo, mgolo uliwonse wopakidwa utoto wa chipani chake ndiponso uli ndi chithunzi cha mwini wake. Akaponya kamwalako mu mgolo wa munthu amene wam'konda, kabelu kamalira. Akuluakulu a chisankho amene ali panja akamva kabelu kalira kawiri amadziwa kuti wina waponya miyala iwiri. Njira imeneyi anaiyamba pakuti anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo ubwino wake ndi wakuti mavoti owonongeka amachepa kwambiri.

Koma tiyeni tiyambire kwathu kuno. Njira imene aliyense amaidziwa ndi yokweza manja. Posankha komiti ya sukulu, kapena akuluakulu a mpingo, kapena komiti yoyang'anira doko la asodzi, wapampando amatchula dzina, anthu nakweza manja, mlembi nawerenga. Pali inanso yofanana nayo, yoima pa mzere kumbuyo kwa munthu amene mukumufuna. Zipani zathu zakhala zikuchita zimenezi kawirikawiri pa zisankho zachipulula, posankha munthu wodzaimira chipani. Njira ziwirizi n'zachangu ndipo sizidya ndalama.

Vuto lake inu a pa chilumba mukulidziwa kuposa ife tonse. Pa Likoma anthu ndi ochepa ndipo pafupifupi aliyense ndi mbale wa mnzake. Kodi mnyamata amene amapalasa bwato la amalume ake, ndi kuponya chilimila chawo, angaime pa mzere wina pamene amalumewo akupikisana nawo? Kodi mkamwini angakweze dzanja kutsutsa apongozi ake iwo akumuona? Ambiri amangotsata, mtima uli kwina. Ku Kenya anayesa njira ya mzereyi m'chaka cha 1988, naitcha mlolongo, ndipo anthu anadandaula kwambiri pakuti m'malo ena mwini mzere waufupi ndiye analengezedwa kuti wapambana. Anthu akabalalika mzere watha, ndipo palibe chotsala chimene munthu angawerengenso.

Ndi chifukwa chake maiko anafuna njira yachinsinsi. Ngakhale Azungu sanayambe nayo kalekale ayi. Ku Britain munthu ankatchula poyera dzina la amene wam'sankha, mwini munda kapena bwana wake wa ntchito akumva, kufikira m'chaka cha 1872 pamene anakhazikitsa lamulo la voti yachinsinsi. Anaphunzira kwa anthu a ku Australia amene anayamba kugwiritsa ntchito pepala losindikizidwa ndi Boma m'chaka cha 1856.

M'dziko lathu lino njira zasintha kangapo, ndipo agogo ena amene ali moyo lero anaziona zonse. M'chaka cha 1956 anthu akuda asanu analowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba mwa chisankho, koma anthu wamba sanaponye voti. Amene anasankha anali mabwalo a zigawo, ndiye kuti mafumu ndi akuluakulu owerengeka anasankhira anthu onse. Mwa asanuwo munali Bambo Kanyama Chiume a Chigawo cha Kumpoto ndi Bambo Henry Chipembere. Kenaka pa 15 Ogasiti 1961 kunachitika chisankho chachikulu choyamba. Panali mabuku awiri a maina, lapamwamba la mipando 8 ndi lapansi la mipando 20. Kuti munthu alembedwe anayenera kukhala ndi ndalama kapena katundu wokwanira, kapena kudziwa kulemba ndi kukhala wokhoma msonkho zaka zambiri, kapena kukhala ndi udindo monga wa ufumu. Motero olembedwa anangopitirira pang'ono 100,000 m'dziko lonse, ndipo amayi anali ochepa ndithu. Chipani cha Malawi Congress, chimene chizindikiro chake ndi tambala wakuda, chinatenga mipando yonse 20 ya buku lapansi.

M'chaka cha 1964 ufulu wosankha unaperekedwa kwa akulu onse, amuna ndi akazi, koma chaka chimenecho palibe anaponya voti pakuti oimira onse analowa opanda wopikisana nawo. Anthu anadzaonanso bokosi m'chaka cha 1978, ndipo pa nthawiyo opikisana onse anali a chipani chimodzi.

Nkhani imene ndifuna aphunzitsi aisamale ndi ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene anthu anafunsidwa ngati afuna chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Ine wolemba ndinali ndisanabadwe, koma makolo athu amaikamba kufikira lero. Mkangano waukulu tsikulo lisanafike unali wa mabokosi. Boma linafuna mabokosi awiri, lina la tambala, lina la nyali. Ofuna zipani zambiri anakana, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka. Pakakhala mabokosi awiri, munthu wotchera khutu akhoza kudziwa mbali imene mnzake wapita, ndiponso bokosi limodzi likhoza kusowa pa njira kapena kuthiridwa mapepala ena, popeza aliyense akudziwa za mkati mwake lisanatsegulidwe. Pambuyo pake anagwirizana kuti bokosi likhale limodzi, koma mapepala awiri. Munthu ankalandira pepala la tambala, pepala la nyali ndi envelopu. Ali yekha ankaika pepala limene walifuna mu envelopu, linalo nalitaya m'bokosi la zotaya, kenaka naponya envelopuyo m'bokosi limodzi la onse. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, ndipo pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho cha zipani zambiri. Taonani, kanthu kochepa ngati kuchuluka kwa mabokosi kanatsala pang'ono kuimitsa ntchito yonse.

Njira ya mapepala ambiri inasiyidwa pambuyo pake, ndipo imene tili nayo tsopano ndi ya pepala limodzi lokhala ndi maina a opikisana onse. Kuyambira m'chaka cha 2014 timasankha anthu atatu tsiku limodzi, Pulezidenti, phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi khansala, kotero mapepala amakhala atatu ndi mabokosi atatu. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa, amene analembetsa, amafika pa malo pamene analembetsera, dzina lake naliona m'kaundula. Pa pepala pali dzina la wopikisana, chithunzi chake ndi chizindikiro cha chipani chake, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga asasokere. Mumachonga kamodzi m'kabokosi koyang'anizana ndi munthu wanuyo, kapena kudinda ndi chala ngati cholembera chikuvutani. Mukatero mumapinda pepalalo ndi kuliponya m'bokosi lake. Chala chanu amachipaka inki yosafufutika msanga kuti musabwerenso kachiwiri.

Apa ndipo pamene mavoti ambiri amafera. Wina amachonga anthu awiri poganiza kuti onse ndi abwino. Wina amachonga munthu wake, kenaka naika mtanda pa nkhope ya amene amadana naye kuti amukhaulitse. Wina amalemba dzina lake pansi monga achitira pa kalata. Pepala lotere likhoza kukanidwa pa nthawi yowerenga, ndipo ulendo wonse wochokera ku Mbungo, ndi dzuwa lonse la pa mzere, zapita pachabe. Wodinda ndi chala asamalenso popinda, inki isanaume, kuti isadetse kabokosi ka munthu wina. Munthu wosaona kapena wolumala manja ali ndi ufulu wobwera ndi munthu amene iye mwini amam'khulupirira kuti amuthandize, ndipo wothandizayo sayenera kuulula chimene mnzake wasankha.

Kuwerenga kumachitikira pomwepo, oimira zipani akuona, ndipo zotsatira amazilemba pa fomu imene onse amasainira. Phungu ndi khansala amapambana akangoposa anzawo, ngakhale ndi voti imodzi. Koma Pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse, ndipo akalephera onse, awiri otsogola amabwerezanso. Zimenezi zinakhazikika ndi chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha mu 2019 atapeza kuti mafomu ambiri a zotsatira anafufutidwa ndi Tipp-Ex ndi kulembedwanso. Chisankho chinabwerezedwa pa 23 Juni 2020, ndipo lamulo lomweli ndilo linagwira ntchito pa 16 Sepitembala 2025. Ine ndiona kuti ubwino waukulu wa pepala uli pamenepa. Limatsala, ndipo oweruza akhoza kuligwira m'manja ndi kuliona.

Tsono yang'anani kutsidya kwa nyanja. Kuchokera pa Likoma mapiri a Mozambique amaoneka pafupi, ndipo ambiri a inu muli ndi abale ku Cobue. Iwo posankha aphungu sachonga dzina la munthu ayi, amachonga chipani. Chipani chilichonse chimakonzeratu mndandanda wa maina a chigawo chonse cha Niassa, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti amene chipani chapeza. Chipani chopeza theka la mavoti chimatenga pafupifupi theka la mipando. Ku South Africa nakonso mipando amagawa motero kuyambira m'chaka cha 1994. Ubwino wake ndi wakuti voti ya munthu wa chipani chaching'ono siitayika. Kuipa kwake ndi kwakuti mudzi sukhala ndi phungu wakewake amene ungamuloze chala sitima ikaleka kubwera kapena mankhwala akatha m'chipatala. Kwa anthu a pa chilumba, amene mavuto awo ndi osiyana ndi a kumtunda, ichi si chinthu chaching'ono.

Pali chinthu china chimene anzathu a ku Mozambique ali nacho ife tilibe. Nzika yawo yokhala kunja imaponya voti komweko, ndipo mwa aphungu 250 a Nyumba yawo ya Malamulo, awiri amasankhidwa ndi anthu okhala kunja. Ngakhale a ku Mozambique okhala m'Malawi muno amaponya nawo. Koma mwana wa pa Likoma amene ali pa ntchito ku Johannesburg kapena ku Harare sangaponye voti ya kwawo ali komweko. Ayenera kubwera kudzalembetsa, ndi kubweranso tsiku la chisankho. Chilumba chino chatumiza ana ake kunja kuyambira masiku a mishoni, aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri, ndipo ambiri a iwo ndiwo amatumiza ndalama zofolerera nyumba ndi zolipirira sukulu, koma pa chisankho mawu awo samveka.

Maiko ena anapeza njira zothandizira anthu otere. Ku Britain munthu akhoza kupempha kuti pepala limupeze pa positi, nachonga ali kunyumba, nalibweza mu envelopu yomata. Akhozanso kutuma mnzake kuti akamuponyere. Ku South Africa odwala ndi okalamba amayenderedwa kunyumba tsiku la chisankho lisanafike. Ku Estonia, dziko laling'ono la ku Ulaya, anthu akhala akuponya voti pa intaneti kuyambira m'chaka cha 2005. Njira zimenezi n'zokoma kuzimva, koma taganizani. Pepala likafika pakhomo, ndani angatsimikize kuti mayi wachonga yekha, bambo asakuyang'ana pa phewa pake? Kachipinda kaja kamene timaimamo tokha, ngakhale kali ka makatoni, kali ndi ntchito yake.

Za makina tinene pang'ono. Ku Brazil anthu onse amasankha podina mabatani kuyambira m'chaka cha 2000, ndipo ku India kuyambira m'chaka cha 2004. Kuno ku Afirika dziko loyamba kuyesa linali Namibia m'chaka cha 2014, koma m'chaka cha 2020 bwalo lalikulu la kumeneko linaweruza kuti makina osatulutsa pepala la umboni sayenera, ndipo anabwerera ku mapepala. Kwathu kuno makina amathandiza polemba maina m'kaundula, koma voti yeniyeniyo timachonga pa pepala ndi dzanja.

Asodzi amene amasamukira ku madoko ena kutsata usipa, ndi ana a sukulu amene amaphunzira kumtunda, akumbukire kuti munthu amaponya voti pamene dzina lake linalembedwa. Ngati mudziwa kuti tsiku la chisankho lidzakupezani ku Nkhata Bay kapena ku Chizumulu, pitani kwa akuluakulu a bungwe la chisankho pa nthawi imene alengeza zosamutsa maina, mutatenga chiphaso chanu cha unzika. Musadikire sabata lomaliza, pakuti Ilala siyenda tsiku lililonse, ndipo mwera ukauka ngakhale bwato la injini limagona padoko.