KAMTENGO KA WAILESI KAMENE KAMALANKHULITSA ZOMBO ZA NKHONDO

Anthu a m'boma la Lundazi amakadziwa bwino kamtengo kowonda kacitsulo kamene kamagwedera pa galimoto za apolisi ndi za alonda a nyama ku Lukusuzi. Ambiri amakayesa cokometsera cabe. Koma kameneka ndi eriyo ya wailesi, ndipo pa zombo za asilikali a pamadzi ndiko khutu ndi pakamwa pa amalinyero. Angerezi anakacha dzina lotanthauza cikoti cifukwa kamapindika ngati mkwapulo.

Kuipa kwa kusowa uthenga pamadzi kunaoneka pa nyanja ya Malawi, kum'mawa kwa Lundazi, m'mwezi wa Ogasiti 1914. Nkhondo Yaikulu Yoyamba itabuka ku Ulaya, Kaputeni Rhoades wa combo ca Angerezi cochedwa Gwendolen analamulidwa kukaononga combo ca Ajeremani, Hermann von Wissmann. Iye anacipeza ciri pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero kumachedwa Liuli, m'dziko la Tanzania, naciombera ndi mzinga. Kaputeni Berndt wa Ajeremani, amene anali bwenzi lake, anapalasa bwato mokwiya kukafunsa cifukwa cake. Iye anali asanamve kuti nkhondo yayamba, ndipo anagwidwa pomwepo. Combo cinatayika cifukwa mau anacedwa kufika.

Masiku ano zombo za nkhondo zimanyamula timitengo totere tambiri, ndipo zifukwa zake ndi zitatu. Coyamba, kamtengo koima ciriri kamaponya mau kumbali zonse mofanana, kotero combo cingakhote motani, uthenga sumaduka. Caciwiri, kamatenga malo ocepa, kusiyana ndi waya wautali womangidwa pakati pa milongoti iwiri. Cacitatu, mphepo ikaomba kamawerama ngati bango ndi kuwongokanso.

Utali wake susankhidwa mwacisawawa. Mau a wailesi amayenda m'mafunde osaoneka, ndipo kawirikawiri kamtengo kamakhala limodzi mwa magawo anai a utali wa funde lake. Citsulo ca combo ndi madzi zimagwira nchito ya mbali yotsala. Pa canelo 16, imene amalinyero a dziko lonse lapansi amaitanirapo cithandizo pa ngozi, kamtengo ka theka la mita kamakwanira, koma mau ake safika kutali kwambiri. Zombo zofuna kulankhula ndi malikulu akutali zimaimika timitengo ta mafiti 35, ndiko kuti mamita oposa khumi. Mafunde ake amakagunda kumwamba ndi kubwerera pansi kutali, monga momwe mau a Radio Zambia ankacokera ku Lusaka ndi kumveka m'midzi ya Lundazi pa shotiwevu.

Nyanja siidziwa msilikali kapena wapaulendo. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira ndi namondwe pafupi ndi Florence Bay, ndipo anthu 145 anafa. Ici ndico cifukwa cake combo ciriconse cacikulu ciyenera kukhala ndi njira yoitanira kumtunda msanga.

Amalinyero amaphunzitsidwa kusakhudza eriyo pamene wailesi ikutumiza mau, pakuti mphamvu yake imatentha khungu. Makolonso kumidzi aletse ana kulendewera pa kamtengo ka galimoto ya boma. Kakathyoka, uthenga wa wodwala kapena wa ngozi ungalephere kufika.