Napolo wa ku Chiradzulu anabadwira panyanja

Mukafunsa mlimi wa ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, za mvula ya Malichi 2023, sayamba ndi dzina la namondwe loti Freddy. Amayamba ndi masiku amene dzuwa silinaoneke, nkhuni zitanyowa, chimanga chili m'munda chitatsala pang'ono kukhwima. Kenako amatchula mawu amene agogo ake ankatchula: napolo. M'boma lomweli, phiri linagumuka n'kukokolola mudzi wa Ntauchira, monga zinachitikiranso ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre.

Akuluakulu amati napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka chimagumula miyala ndi mitengo. Anatero ku Zomba mu 1946, anateronso ku Phalombe mu 1991. Sitingawaseke, chifukwa anaona bwino kuti zoopsazi zimatsikira kuphiri ndipo zimatsata makwawa. Chimene sakanatha kuona ndi kumene madziwo amachokera.

Freddy anabadwa kumayambiriro kwa Febuluwale 2023 panyanja yamchere ya India, kufupi ndi Australia. Namondwe wotere amafuna madzi otentha madigiri 26 kapena kuposa. Dzuwa likawomba nyanja, nthunzi imakwera monga imachitira pamphika wa madzi a nsima. Ikafika kumwamba kozizira imasanduka mitambo, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha kumene kumakokanso mpweya wina wachinyezi kuchokera pansi. Kuzungulira kwa dziko kumapotoza mpweya wothamangirawo, ndiye chinthu chonsecho chimayamba kuzungulira. Kuno kummwera kwa dziko lapansi chimazungulira molowera kumene mivi ya wotchi imapita. Bola pansi pake pali madzi otentha, namondwe amadya n'kumanenepa. Akakwera pamtunda amayamba kufa ndi njala.

N'chifukwa chake ulendo wa Freddy unadabwitsa akatswiri a zanyengo. Anaoloka nyanja yonse ya India, anagunda Madagascar pa 21 Febuluwale, n'kulowa m'Mozambique kufupi ndi Vilankulo pa 24. Ambiri ankati watha. Koma anabwerera panyanja yofunda ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, anakadyanso, ndipo pa 11 Malichi anatulukira ku Quelimane, khomo lolowera kummwera kwa Malawi. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza pambuyo pake kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo.

Pamene ankafika kuno mphepo yake inali itachepa. Chimene chinapha anthu ndi madzi. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, mvula imene madera ambiri a Malawi amalandira chaka chathunthu. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa.

Nanga bwanji mvulayo inakhuthukira kwambiri Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre? Yankho lili m'mapiri. Mpweya wachinyezi ukakumana ndi phiri umakakamizika kukwera, umazizira, n'kutaya madzi ake pompo. Anthu a ku Chiradzulu amazidziwa kale zimenezi, chifukwa chaka chilichonse mu Juni ndi Julayi amafunda mabulangete kuthawa chiperoni, mvula yowaza ija yobwera ndi mphepo yochokera kunyanja yomweyo kudzera ku phiri la Chiperone m'Mozambique. Freddy anachita zomwezo koma mopyola muyeso. Dothi la m'mapiri athu ndi losaya, lagona pamwamba pa thanthwe. Likamwa madzi masiku atatu limalemera, pansi pake pamaterera, ndipo ngati mitengo yoligwira ndi mizu inapita kumakala ndi kuuvuni wa njerwa, limanyamuka lonse limodzi ndi miyala yaikulu ngati nyumba.

Mapiriwo nawonso ali ndi mbiri yawo. Nthaka imene timaponda si chimwala chimodzi chathunthu ayi. Ili ngati mapale a mphika wosweka, oyalidwa pamwamba pa miyala yotentha imene imasuntha pang'onopang'ono. Malawi ali pamng'alu weniweni: phale lalikulu la Africa likusiyana ndi kaphale ka kummawa kotchedwa Rovuma, mamilimita ochepa pachaka, mochedwa kuposa mmene chikhadabo chimakulira. Kwa zaka mamiliyoni, pakati panatitimira n'kukhala nyanja ya Malawi, yakuya pafupifupi mamita 700, ndi chigwa cha Shire. M'mbali munatsala mitunda, ndipo Chiradzulu ali pamtunda wotero. Amene anatsikapo pa Thabwa kulowera ku Chikwawa, makutu akutsekeka m'minibasi, anatsika khoma la mng'aluwo. Mng'aluwu umatikumbutsa nthawi zina kuti ulipo, monga ndi chivomezi cha ku Salima mu Malichi 1989 ndi zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009.

Ngakhale nyanja imene inadyetsa Freddy kachiwiri inatseguka mwa njira yomweyi. Madagascar anali womatirira ku Africa, ndipo anang'ambika zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo.

Nyanja imapatsa, imamananso. Chaka chotsatira, madzi a nyanja ya Pacific atatentha kuposa masiku onse, chimene amachitcha El Niño, mvula inadula pakati pa dzinja ndipo chimanga chinapserera m'minda. Mu Malichi 2024, pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala. Munda womwewo wa ku Mauwa unamira chaka china, n'kupsa chaka chinacho.

Chimene chimapweteka mtima n'chakuti Freddy sanabwere mobisala. Makina a m'mlengalenga anamutsata kwa mwezi wathunthu, ndipo nthambi ya boma yoona zanyengo ku Blantyre inachenjeza pawailesi asanafike. Koma mawu oti namondwe ankamveka ngati nkhani ya mphepo ndi ya anthu a m'chigwa, a ku Nsanje ndi Chikwawa, amene anazolowera madzi osefukira. Wokhala m'tsinde mwa phiri ankadziona ngati ali pabwino. Zizindikiro za phiri lofuna kugumuka zimadziwika: ming'alu yatsopano m'nthaka, mitengo yopendekeka, kasupe wotumphuka pamalo pouma, mtsinje wosanduka matope mwadzidzidzi, ndi mkokomo wochokera kumtunda usiku.