ZA BOKOSI LA ZOPEREKA: ULALIKI WA PA NKHOTAKOTA

Abale okondedwa mwa Ambuye, ndi inu aphunzitsi a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, mawu athu achokera m'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 12.

Masiku a mfumu Yoasi nyumba ya Mulungu inali ndi ming'alu. Anthu ankapereka ndithu, ansembe nalandira. Koma kufikira chaka cha 23 cha ufumu wake ming'aluyo inali chikhalire. Tsono wansembe Yehoyada anakonza bokosi la kabowo pamwamba, kuti liime poonekera. Likadzala, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankawerenga ndalamazo ali awiri, nazitumiza kwa amisiri. Ndipo ntchito inayenda. Taonani, anthu anali omwewo, chuma chawo chomwecho. Chosintha chinali kasungidwe kokha. Pakuti munthu apereka mokondwera pamene aona kumene chopereka chake chipita.

Ife a kuno tadya zipatso za kupereka kotere. Misyoni inafika pa Nkhotakota m'chaka cha 1894, pa dooko lomwe kale ankawolotserapo akapolo. Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja mu 1895, naikidwa pompano. Ndipo sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901. Ambiri a ku England amene anasonkhera ntchitozi sanaione nyanja yathu, koma ankawerenga mwezi ndi mwezi mbiri ya zimene ndalama zawo zinachita, ndipo sanatope. Lero katundu ameneyu ali pa mapewa athu.

Chifukwa chake, pofuna kufolera tchalitchi, kapena kumanga nyumba ya mphunzitsi, kapena kuthandiza ana amasiye, tisunge zinthu zinayi izi.

Choyamba, tchulani ntchito ndi mtengo wake. Musangoti, tithandize mpingo. Nenani malata angati, misomali yochuluka bwanji, mmisiri adzalandira zingati.

Chachiwiri, pemphani pa nyengo yake. Mwezi wa njala si wosonkhetsa. Dikirani mpunga ukololedwe, usipa uume pa thandala. Ndipo landirani chimene munthu ali nacho, kaya lichero la mpunga, kaya dengu la makaka a chinangwa, kaya tsiku louumba njerwa. Mpunga wa mpingo musaugulitse msanga pamene onse akugulitsa, pakuti mtengo wake ukhala wotsika. Uikeni pouma, mudzagulitse miyezi ikapita.

Chachitatu, ndalama zisawerengedwe ndi munthu mmodzi, ngakhale akhale wansembe. Awerenge awiri kapena atatu osachokera m'banja limodzi, nalembe m'buku tsiku lomwelo. Uku sikukayika msungichuma, koma kumtchinjiriza ku mayesero ndi ku miseche. Paulo yemwe, posonkhera osauka a ku Yerusalemu, sanafune kunyamula mphatsoyo yekha, koma pamodzi ndi abale osankhidwa ndi mipingo.

Chachinayi, bwererani kwa opereka. Mwezi uliwonse buku liwerengedwe pamaso pa mpingo: zolowa, zotuluka, zotsala. Koma musayerekeze chopereka cha mmodzi ndi cha mnzake, mungachititse manyazi mkazi wamasiye amene Ambuye anamtama.

Abale, mpingo umene wataya ndalama ukhoza kusonkhanso chaka chamawa. Koma umene wataya kukhulupirika udzapempha anthu atafumbata manja, ndipo ana amasiye ndiwo adzagona ndi njala. Mulungu atipatse manja oyera ndi mabuku oona. Amen.