Kutopa Kosatha ndi Magazi Opita ku Ubongo: Kafukufuku wa ku Glasgow

Matenda a ME, amene madokotala amawatchulanso kuti chronic fatigue syndrome, amafooketsa munthu moti kungosamba kapena kukwera masitepe ochepa kungamugoneke masiku angapo. Kutopa kwake sikutha ndi tulo. Bungwe la WHO linawaika m'gulu la matenda a ubongo ndi minyewa mu 1969, komabe kwa zaka zambiri odwala ankabwezedwa kuchipatala atauzidwa kuti magazi ali bwinobwino, vuto lili m'maganizo.

Ku Glasgow, Pulofesa Peter Behan sanakhutire ndi yankho limeneli. Iye ankagwira ntchito ku Institute of Neurological Sciences, pachipatala cha Southern General ku Govan. Mu 1985, iye ndi anzake anafalitsa zimene anapeza mwa odwala 50 amene kutopa kunawayamba atadwala matenda a mavairasi. Poyamba ankafufuza kwambiri minofu, kenako anatembenukira ku ubongo. Mu 2000, Behan ndi Dr Abhijit Chaudhuri anafotokoza kuti gwero la kutopa kotere lingakhale m'kati mwenimweni mwa ubongo, m'zigawo zotchedwa basal ganglia, zimene zimathandiza munthu kuyamba chinthu ndi kulimbikira mpaka chithe. Mu 2003, Chaudhuri ndi anzake anayeza zigawozo ndi makina a MRI n'kupeza kuti mankhwala a m'thupi otchedwa choline ndi ochuluka mwa odwala kusiyana ndi mwa anthu athanzi. Koma odwala amene anayezedwa anali ochepa kwambiri, choncho nkhani sinathere pamenepo.

Kwina, akatswiri ankalondola magazi opita ku ubongo. Ubongo ndi waung'ono, 2 peresenti yokha ya kulemera kwa thupi, koma umalandira pafupifupi 15 peresenti ya magazi amene mtima umapopa. Mu 1995, madokotala a ku London, pogwiritsa ntchito makina a SPECT, anaona kuti magazi ofika patsinde la ubongo ndi ochepa mwa odwala. Mu 2001, kafukufuku wa mapasa ku Seattle, wina wodwala wina wathanzi, sanapeze kusiyana kooneka.

Vuto lina n'lakuti m'makinawa munthu amalowa chogona, pamene odwala ambiri amati chizungulire ndi kuiwalaiwala zimakula akaimirira. Mu 2020, madokotala a ku Netherlands anagoneka odwala oposa 400 pabedi lotha kuimika, n'kuyeza mitsempha ya m'khosi bedilo litadzutsidwa. Magazi opita ku ubongo anatsika ndi 26 peresenti mwa odwala, pamene mwa athanzi anatsika ndi 7 peresenti yokha. Chida chimene anagwiritsa ntchito n'chapachibale ndi sikani ya amayi oyembekezera, imene Pulofesa Ian Donald ndi anzake anaionetsa kudziko mu 1958 ku Glasgow komweko.

Mliri wa Covid-19 unawonjezera odwala a zizindikiro zofanana. Kafukufuku wa yunivesite ya Glasgow wa mu 2022 anapeza kuti anthu 6 mwa 100 alionse amene anadwala Covid anali asanachire n'komwe ngakhale patapita miyezi yambiri.

Mpaka pano palibe chithunzi cha ubongo chimene chingatsimikize ME mwa munthu mmodzi payekha. Dokotala amamvetsera mbiri ya wodwala, n'kuyamba wayeza matenda ena otopetsa monga kuchepa kwa magazi, shuga, chithokomiro, TB ndi HIV.