Tiyi: Malonda Ake ndi Maula Ake

 M'miyezi ya June ndi July, chisanu chikatsika ku Kongwe ndi ku phiri la Ntchisi, matiyirumu a pa Mponela, pa Madisi ndi pa Malomo amadzaza m'mamaŵa. Komatu m'maboma a Dowa ndi Ntchisi mulibe esiteti ya tiyi, pakuti mbewuyi imafuna mvula yochuluka ndi chinyontho cha chiperoni, monga cha ku Mulanje ndi ku Thyolo. Makolo athu ankalandira mlendo ndi thobwa. Nanga tiyi analoŵa bwanji m'nyumba zathu? Anachita kutsatsidwa, ndipo lero tiona m'mene otsatsawo anagwirira ntchito yawo.

Kwawo kwa tiyi ndi ku China ndi ku India. M'dziko muno mbewuyi inayesedwa koyamba pa Mishoni ya Blantyre mu 1878, koma sinachite bwino. Mu 1891 Henry Brown, amene anachokera ku Ceylon, kumene lero timati Sri Lanka, anabzala tiyi ku Mulanje, ndipo ulimiwu unafalikira mpaka ku Thyolo. Oswa mphanje ndi othyola masamba anali anthu akuda, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ena pansi pa thangata. Tiyi wawoyo sankalimira ife. Ankapita ku msika wa ku London.

Ku Britain tiyi ankagulitsidwa mochita kupima pa sikelo, ndipo amalonda osakhulupirika ankasakanizamo masamba achabe. Choncho makampani anayamba kumutsekera m'mapaketi olembedwa dzina. Thomas Lipton anagula minda ku Ceylon mu 1890 nalemera ndi njira imeneyi: wogula ankakhulupirira dzina, masamba osawaona. Mitengo itagwa kwambiri, mayiko olima tiyi anapangana mu 1933 kuchepetsa tiyi wotumiza kunja, ndipo mu 1935 anakhazikitsa bungwe lofunafuna akumwa atsopano, kuphatikizapo anthu a mu Afirika. Kuno chizoloŵezichi chinadzera m'mamishoni, m'masitolo a Amwenye ndiponso mwa abambo obwera kuchokera ku Joni. Shuga atayamba kupangidwa ku Nchalo mu 1966, kenaka ku Dwangwa, tiyi anakhazikika m'mudzi.

Malondaŵa anayenda pamodzi ndi mwambo wina umene ambiri sitiudziŵa. Paja ife timati dzanja likamayabwa ndiye kuti ndalama zili m'njira. Azungu nawonso anali ndi maula awo, ndipo ankaombezera m'kapu ya tiyi. Masiku amenewo tiyi ankathiridwa wosasefa. Munthu akamwa, ankasiyako pang'ono, nazunguza kapu katatu, naivundikira pa kambale kake. Woombeza ankayang'ana masamba omatirira m'kati: ofanana ndi mbalame ankati ndi uthenga, ofanana ndi mphete ankati ndi ukwati. Okhala pafupi ndi mlomo wa kapu ankati n'zochitika msanga, a pansi n'zakutsogolo. Kamtengo koyandama ankati mlendo akubwera.

Amalonda sanachedwe kuona phindu. Oumba ziŵiya ku England anagulitsa makapu ojambulidwa zizindikiro za maula, ndipo ku New York, cha m'ma 1930, nyumba zina zomwera tiyi zinkaika woombeza kuti akope ogula. Koma timatumba ta tiyi titafala, masamba analeka kutsalira m'kapu, ndipo mwambowo unazilala. Taganizani, omvera: ula wotani umene umatha chifukwa kampani yasintha kapakiridwe? Masamba amakhala pamene madzi awasiya. Mbalame ndi mphete zimachokera m'mutu wa woyang'ana, monga mwana amaonera ng'ombe m'mitambo.

Alipo komabe anthu amene amaŵerengadi masamba a tiyi, ndipo mawu awo amakwaniritsidwa. Ameneŵa ndi akatswiri olaŵa tiyi. Amaika makapu pa mzere, nathira madzi oŵira pa muyeso umodzi wa masamba, nadikira mphindi zoŵerengeka. Kenaka amayang'ana tsamba lonyowa, kulinunkhiza, kulaŵa madzi ake ndi kulavula. Tsamba loŵala mofiirira limasonyeza tiyi wothyoledwa bwino, masamba aŵiri ndi kansonga. Lothimbirira limaulula masamba okhwima kapena kulakwitsa kwa ku fakitale. Tiyi wa Malaŵi amakondedwa chifukwa cha kufiira kwake, ndipo ogula a ku South Africa ndi ku Britain amamusakaniza ndi wa mayiko ena. Msika wa ku London unatsekedwa mu 1998; wathu uli ku Limbe, ngakhale kuti tiyi wambiri amagulitsidwa mwa mapangano, osadzera pa okushoni. Chigamulo cha olaŵaŵa chimafika mpaka m'thumba la wothyola masamba ndi la mlimi wamng'ono, amene boma linamutsegulira ulimiwu mu 1967.

Inu alimi a fodya a ku Dowa ndi Ntchisi, zimenezi si zachilendo, pakuti belo lanu pa Kanengo limagulidwa poona tsamba, osati chiguduli. Chitani chimodzimodzi pogula tiyi pa gulosale. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onani kulemera kolembedwa pa paketi, yerekezani ndi mtengo, ndipo mukafika kunyumba muyese fungo ndi mtundu wa masambawo. Wina akafuna ndalama zanu kuti akuuzeni za maŵa, kaya ndi m'kapu kaya ndi m'nsupa, kumbukirani kuti ngakhale ku Ulaya maula a tiyi ankathandiza kwambiri wogulitsa tiyi.