NYUMBA YA ZALUSO YA KU HARARE NDI AMISIRI ACE

Pa 16 July 1957, Mai wace wa Mfumukazi Elizabeth anatsegula nyumba yaikuru yoonetseramo zithunzi ndi zosema mu mzinda wa Salisbury, umene lero uchedwa Harare. Dzina lace linali Rhodes National Gallery. Masiku amenewo Nyasaland anali m'Citaganya pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia, ndipo cionetsero coyamba cinali ca zithunzi za akatswiri a ku Ulaya monga Rembrandt ndi Picasso.

Koma mkuru woyamba wa nyumbayo, Bambo Frank McEwen, sanakhutire ndi luso lobwereka. Anapatsa utoto anthu akuda ogwira nchito m'menemo, mmodzi wa iwo ndiye Thomas Mukarobgwa, nayambitsa sukulu yochedwa Workshop School. Posacedwa amisiriwo anatembenukira ku miyala, ndipo m'caka ca 1971 zosema zao zinaonetsedwa ku Musée Rodin mu mzinda wa Paris.

Zosemazi zinamveka ndi dzina lakuti "zosema za Ashona", koma dzinali libisa anthu ena. Pamene Ian Smith anagalukira Britain mu 1965, maiko analetsa malonda ndi Rhodesia, fodya nasowa msika. Tsono mu 1966 mlimi wina wa fodya, Bambo Tom Blomefield, analimbikitsa anchito a pa munda wace ku Tengenenge kuti azisema miyala. Ambiri a iwo anali a ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola amene anapita kumeneko kukafuna nchito. Acewa ndi Ayao anasema zimene anacoka nazo kwao, ndipo pa miyala ina paoneka nkhope za Nyau.

Zimbabwe atalandira ufulu mu 1980, nyumbayo inachedwa National Gallery of Zimbabwe. Iri ndi nthambi ku Bulawayo ndi ku Mutare, ndipo mu 2011 inatsogolera amisiri a dzikolo ku cionetsero cacikuru ca ku Venice kwa nthawi yoyamba. Nchito yace ndiyo kusunga, kuonetsa ndi kuphunzitsa luso la anthu a lero.

Kusunga mwala n'kosavuta. Cobvuta ndico kusunga dzina la wosema ndi la mudzi umene anacokera. Nyumba yotere ikalemba bwino maina amenewa, zidzukulu za anchito a m'minda ya fodya zidzadziwa kuti makolo ao sanasiye thukuta lokha ku Rhodesia.